Chiyankhulo Chimene Mukudziwa Kale: Kodi Yunivesite Ingakuwerengereni?

NYIMBO YOTSEGULIRA IKWERE, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO

WOWULUTSA: Makolo amene muli ndi ana ku sekondale, aphunzitsi, ndi inu achinyamata amene mukudikira zotsatira za Fomu 4 kapena mwayamba kale yunivesite, sendezani wailesi pafupi, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza nthawi yanu komanso thumba lanu.

Funso lathu ndi ili. Wophunzira wafika pa yunivesite akuyankhula kale Chipwitikizi, Chifalansa kapena Chiswahili. Mwina anakulira m'malire, mwina anachiphunzira ku sekondale, mwinanso ndi chiyankhulo cha mayi ake. Kodi n'koyenera kuti akhale pa benchi imodzi ndi anzake amene sanachimvepo n'kamodzi komwe, azibwereza kupereka moni ndi kutchula masiku a pa sabata, kwinaku makolo akulipira fizi? Mayunivesite ambiri kunja kuno anayankha kalekale kuti ayi. Anakonza njira zoyesera zimene munthu wabwera nazo m'mutu, ndipo akakhoza amamuwerengera ngati kuti waphunzira pomwepo. Lero tiona mmene zimenezi zimayendera, makamaka ku America kumene mchitidwewu unazika mizu, komanso ku Ulaya.

Tiyambe ndi kirediti. Digiri siyezedwa ndi zaka zokha ayi. Phunziro lililonse limene wophunzira wakhoza limamupatsa mlingo wotchedwa kirediti, ndipo makirediti akakwana ndi pamene amavala mkanjo ndi chisoti. Ku America digiri yoyamba ya zaka zinayi imafuna makirediti pafupifupi 120, ndipo phunziro limodzi la semesita imodzi kawirikawiri limakhala ndi makirediti atatu kapena anayi. Ku Ulaya, nduna zamaphunziro za mayiko 29 zinasainirana mgwirizano mumzinda wa Bologna ku Italy mu 1999 wofuna kuti madigiri awo azifanana, ndipo kumeneko chaka chimodzi ndi makirediti 60, kirediti imodzi n'kumaimira maola 25 mpaka 30 a ntchito ya wophunzira. Ku South Africa kirediti imodzi imaimira maola 10.

Mayunivesite ambiri ku America amalipiritsa potengera makirediti amene wophunzira watenga. Ambirinso salola munthu kulandira digiri ya zaluso kapena sayansi asanaphunzire chiyankhulo china kupatula Chingerezi kwa masemesita awiri, atatu, ena mpaka anayi. Mukaphatikiza ziwirizi, muona kuti munthu wobwera akudziwa kale chiyankhulo wanyamula ndalama ndi miyezi yambiri pakamwa pake.

Koma apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Yunivesite ikati yazindikira kuti mumadziwa chiyankhulo, mawu amenewo angatanthauze zinthu zosiyana. Ingangokuikani m'kalasi yapamwamba, mwachitsanzo ya chaka chachiwiri m'malo mwa ya oyamba kumene, osakupatsani kanthu pa makalasi amene mwadumphawo. Ingakumasuleni pa lamulo lija lophunzira chiyankhulo, kunena kuti inu basi mwakwanitsa, koma makirediti 120 aja mudzawakwaniritsabe ndi maphunziro ena. Kapena ingakulembereni makirediti enieni pa chikalata chanu cha zotsatira. Chomalizachi ndicho chimafupikitsa ulendo ndi kuchepetsa fizi. Zinazo n'zabwino, zimakupatsani mpata wophunzira zina, koma si ndalama. Choncho munthu akakuuzani kuti Chifalansa chanu achilandira, mufunseni kuti achilandira motani.

Njira yodziwika kwambiri ku America ndi mayeso. Bungwe la College Board limayendetsa mayeso otchedwa Advanced Placement, mwachidule AP, amene ana a sekondale amalemba asanapite ku koleji. Pa ziyankhulo alipo a Chifalansa, Chisipanishi, Chijeremani, Chitaliyana, Chitchaina, Chijapanizi ndi Chilatini. Amachongedwa kuyambira 1 mpaka 5, ndipo makoleji ambiri amayamba kupereka makirediti kwa amene wapeza 3, pamene ena okhwimitsa amafuna 4 kapena 5. Bungwe lomwelo lili ndi mayeso ena otchedwa CLEP, amene anayamba mu 1967 poganizira anthu akuluakulu, asilikali ndi ena amene anaphunzira zinthu kunja kwa kalasi. Awa safunsa kuti unaphunzira kuti. Pa ziyankhulo alipo a Chifalansa, Chijeremani ndi Chisipanishi, amalembedwa pa kompyuta kwa nthawi yosafika maola awiri, ndipo malikisi ake amayambira 20 kulekeza 80. Amene wafika pa 50 amatengedwa kuti akufanana ndi munthu amene waphunzira chaka chimodzi pa koleji. Taganizani, mmawa umodzi wokha, chaka chathunthu cha phunzirolo chalowa m'thumba. Komabe yunivesite iliyonse ili ndi ufulu wolandira kapena kukana zotsatirazi, ndipo zina zotchuka sizizilandira n'komwe.

NYIMBO PANG'ONO

WOWULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za mmene mayunivesite amawerengera chiyankhulo chimene wophunzira wabwera akuchidziwa kale.

Pali njira ina imene ine ndimaikonda kuposa zonse, ndipo ndikufuna tikhalepo kanthawi. Imapezeka m'mayunivesite angapo, koma chitsanzo chomveka ndi University of Wisconsin mumzinda wa Madison, yunivesite imenenso yakhala ikuphunzitsa ziyankhulo za mu Africa monga Chiswahili ndi Chiyoruba kwa zaka zambiri. Kumeneko wophunzira watsopano amalemba kaye mayeso oona pamene ali. Tinene kuti mayesowo aonetsa kuti akuyenera kalasi ya semesita yachinayi. Salandira kanthu tsiku limenelo. Amalowa m'kalasimo, n'kuphunzira semesita yonse ngati wina aliyense. Akakhoza ndi giredi B kapena kuposa, yunivesite imamupatsa makirediti a kalasi imeneyo, n'kumubwezeranso a makalasi atatu amene anadumpha aja. Munthu angathe kulandira makirediti obwezeredwa ofika 16, omwe ndi ochuluka ngati a semesita yathunthu. Malamulo ake ndi akuti ikhale kalasi yake yoyamba ya chiyankhulocho pa yunivesite, ndipo aitenge koyambirira kwa maphunziro ake.

Ubwino wa njirayi uli pa vuto limene mphunzitsi aliyense wa chiyankhulo amalidziwa. Pali ophunzira ena amene amabisa dala zimene akudziwa. Amalakwitsa mwadala mayeso oyamba aja kuti awaike m'kalasi ya oyamba, akapate giredi A mosakhetsa thukuta. Zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Mwana amene akuyambadi kumene amamva mnzake wa pambali akuyankha bwinobwino tsiku loyamba lomwelo, amadziona ngati mbuli, amatseka pakamwa, ndipo chiyankhulo sichiphunzirika ndi pakamwa potseka. Mphunzitsi nayenso amanyengeka, amayesa kalasi yonse yamva, n'kumathamanga. Wobisalayo naye wataya chaka chimene akanafika nacho powerenga mabuku ndi kulemba malipoti m'chiyankhulocho. Njira ya ku Madison imachotsa chinyengo chimenechi pochititsa kuti kunena zoona kukhale ndi phindu. Ukakwera m'kalasi yokuyenera, umalipidwa. Ndipo koposa apo, munthu sasiya chiyankhulo pakhomo la yunivesite atangolandira pepala. Amapitiriza nacho.

Tsopano pali mfundo imene ingakuwaweni ena mwa inu. Mayunivesite ambiri otere, kuphatikizapo ya ku Madison, sapereka makirediti obwezerawa kwa mwini chiyankhulo, munthu amene anabadwira ndi kuphunzira sukulu m'chiyankhulocho. Maganizo awo ndi akuti kirediti ndi mphotho ya kuphunzira chinthu chachilendo, ndipo mwana wa ku Maputo amene sukulu yonse anaphunzira m'Chipwitikizi sanaphunzire chachilendo chilichonse. Kawirikawiri wotereyu amangomasulidwa pa lamulo lija lophunzira chiyankhulo china. Mfundoyi ndi yomveka, ngakhale ine ndimaona kuti malire ake ndi ovuta kudula. Nanga mwana amene kunyumba amayankhula Chisipanishi ndi agogo ake koma sukulu yonse anaphunzira m'Chingerezi, ameneyu ndi mwini kapena mlendo? Ku America ana otere alipo mamiliyoni, ndipo mayunivesite ambiri anawatsegulira makalasi awoawo. Sawaphunzitsa kupereka moni. Amawaphunzitsa kalembedwe, galamala ndi chiyankhulo cha mu ofesi ndi m'mabuku.

Izi zikutifikitsa pa chinthu chimene ndikupempha aliyense adzifunse moona mtima. Kuyankhula n'kwina, kulemba n'kwina. Munthu angathe kutsatsa malonda, kunenerera mtengo, kukangana ndi kondakitala ndi kuseka nthabwala m'Chiswahili, koma mutamupatsa nyuzipepala kuti afotokoze nkhani ya bajeti ya boma, kapena cholembera kuti alembe kalata yofunsira ntchito, thukuta lili kamukamu. Si chamanyazi. Ndi mmene chiyankhulo chophunzirira pamsewu chimakhalira. Komanso alipo amene anakhoza Chifalansa pa MSCE, galamala ali nayo, koma mlendo atawaimitsa kufunsa njira, mawu amathawa. Mayeso abwino amaona zonse zinayi: kumva, kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba. Ndi chifukwa chake mayunivesite ena sakhutira ndi mayeso ongosankha yankho, ndipo amafuna kucheza nanu pakamwa. Bungwe la aphunzitsi a ziyankhulo ku America lotchedwa ACTFL lili ndi mayeso otere, pamene woyesa wophunzitsidwa bwino amacheza nanu pa foni kwa mphindi 20 kapena 30, akukweza mafunso pang'onopang'ono mpaka apeze pamene mwayamba kupunthwa.

NYIMBO PANG'ONO

WOWULUTSA: Tiwolokere ku Ulaya. Kumeneko anayambira pa kugwirizana muyeso. Mu 2001 bungwe la Council of Europe linatulutsa ndondomeko imene inagawa luso la chiyankhulo m'magawo asanu ndi limodzi: A1 ndi A2 kwa oyamba, B1 ndi B2 kwa odziimira paokha, C1 ndi C2 kwa akatswiri. Sikunena kuti waphunzira zaka zingati. Ikunena zimene ungathe kuchita. Wa A2 angathe kugula zinthu ndi kufotokoza za banja lake. Wa B2 angathe kutsatira mtsutso, kupereka maganizo ake ndi zifukwa zake, ndi kulemba nkhani yomveka. Lero zilembo zimenezi zimamveka pafupifupi dziko lonse lapansi, ndipo munthu akalemba pa kalata yake yofunsira malo kuti Chifalansa B2, woilandira amadziwiratu chimene akunena.

Pa chiyankhulo chilichonse chachikulu pali chiphaso chodalirika. Pa Chifalansa pali DELF, imene imafika pa B2, ndi DALF ya C1 ndi C2. Zonsezi zimaperekedwa ndi unduna wa zamaphunziro wa dziko la France, ndipo ubwino wake ndi wakuti sizitha ntchito, ukapata wapata moyo wonse. Mayunivesite a ku France nthawi zambiri amafuna B2 kuti mlendo ayambe digiri. Pa Chijeremani pali mayeso a Goethe-Institut ndi TestDaF. Pa Chipwitikizi, dziko la Brazil lili ndi Celpe-Bras, ndipo la Portugal lili ndi mayeso a CAPLE oyendetsedwa ndi University of Lisbon. Pa Chitchaina pali HSK. Koma samalani ndi masiku, chifukwa si ziphaso zonse zokhalitsa. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS ndi TOEFL, mwachitsanzo, zimalandiridwa kwa zaka ziwiri zokha. Kulemba msanga kwambiri n'kutaya ndalama.

Mwina wina akufunsa kuti, kodi chiyankhulo n'chinthu chodandaulira chotere? Tamverani ziwerengero izi. Sukulu ya boma la America yophunzitsa akazembe ndi ogwira ntchito m'maofesi a ukazembe, Foreign Service Institute, inayerekeza nthawi imene munthu woyankhula Chingerezi amafuna kuti afike pogwira ntchito m'chiyankhulo china. Pa Chifalansa ndi Chipwitikizi ndi maola a m'kalasi pakati pa 600 ndi 750. Pa Chiswahili ndi pafupifupi 900. Pa Chitchaina, Chiarabu, Chijapanizi ndi Chikoreya ndi maola 2,200. Amenewatu ndi anthu osankhidwa, ophunzira tsiku lonse, boma likuwalipira. Ndiye mnyamata wa ku Karonga amene Chiswahili anachitola pa Songwe ndi ku Kyela akuperekeza amalume ake ku geni, ali ndi gawo lalikulu la chinthu chimene boma lolemera limawonongera miyezi isanu ndi itatu kuti lipatse kazembe wake.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Dziko lathu lazunguliridwa ndi ziyankhulo zikuluzikulu. Kuyambira ku Dedza, Mwanza, Nsanje, Muloza mpaka Chiponde, tsidya linalo ndi Mozambique, ndipo katundu wathu wambiri amadzera ku madoko a Beira ndi Nacala, kumene mapepala ndi a Chipwitikizi. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome mu 1992, dziko lino linasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo maukwati ndi zibale za nthawi imeneyo zilipobe. Kumpoto kuli Tanzania ndi doko la Dar es Salaam. Bungwe la SADC limagwira ntchito m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2019 linavomereza Chiswahili kukhala chachinayi. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene msasa wa othawa kwawo unatsegulidwa mu 1994, kuli achinyamata ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ambiri a iwo oyankhula Chiswahili ndi Chifalansa pamwamba pa Chichewa ndi Chingerezi. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Chifalansa chimaphunzitsidwanso m'masekondale ena, ndiponso ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Mzuzu University. Anthu odziwa ziyankhulo tili nawo. Chimene ambiri alibe ndi umboni.

Zili ngati munthu amene wayendetsa lole zaka zambiri pa esiteti, dalaivala weniweni, koma alibe laisensi. Luso ali nalo, koma pa rodibuloko luso silionetsedwa, chimene amafuna ndi pepala. Ku ofesi yolembetsa ophunzira n'chimodzimodzi.

Ndipo musaiwale Chichewa chenichenicho, kapena Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena. Kwa wophunzira wa kuno amene wapita ku America, chimenechi ndi chiyankhulo china kupatula Chingerezi, ndipo mayunivesite ambiri amalola munthu kupempha kuti amasulidwe pa lamulo lija lophunzira chiyankhulo china ngati angasonyeze kuti amachiwerenga ndi kuchilemba. Umboni ungakhale satifiketi ya MSCE yoonetsa kuti anakhoza Chichewa, kapena kuyesedwa ndi katswiri amene yunivesiteyo yamuvomereza. Chichewa si chachilendo m'mayunivesite a kumeneko. Pulofesa Sam Mchombo, katswiri wa ziyankhulo wochokera kuno kwathu, wachifufuza ndi kuchiphunzitsa kwa zaka zambiri ku University of California ku Berkeley. Choncho inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene mumapeputsa phunziro la Chichewa poganiza kuti silingakufikitseni kutali, ganizaninso kawiri.

Pafupi nafe pompano, dziko la South Africa linaika mfundo yozindikira zimene munthu anaphunzira kunja kwa kalasi, yotchedwa RPL, m'ndondomeko yake ya maphunziro kuyambira pamene linakhazikitsa bungwe la SAQA ndi lamulo la 1995. Cholinga chinali kutsegulira khomo anthu amene tsankho linawatsekera sukulu koma ntchito ankaidziwa. Abale athu amene muli ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town ndipo mukufuna kubwerera ku sukulu, funsani za RPL pa koleji imene mukufuna kulowa.

Kwa akuluakulu oyendetsa mayunivesite athu, pempho langa ndi lakuti njira yoyesera chiyankhulo chimene wophunzira wabwera nacho ikhale yolembedwa poyera m'buku la malamulo, yodziwika kwa mwana aliyense wa chaka choyamba, osati yodalira kukoma mtima kwa mphunzitsi mmodzi. Mayesowo akhale okhwima ndithu, aone kulemba ndi kuyankhula komwe, kuti digiri isapepuke. Koma amene wakhoza, muwerengereni, ndipo mumukweze kalasi kuti apitirire.

Kwa inu ophunzira, sungani mapepala anu onse: satifiketi, malipoti a sukulu, makalata a kumene munagwirako ntchito yomasulira. Ngati mumayankhula koma simulemba, yambani lero kuwerenga nyuzipepala ya chiyankhulocho pa intaneti ndi kulemba ndime imodzi tsiku lililonse, wina wodziwa azikukonzerani. Musabise zimene mukudziwa pofuna giredi yapafupi. Ndipo mukalandira kalata yokuitanani ku yunivesite iliyonse, kuno kapena kunja, musadikire kuti makalasi ayambe, chifukwa mwayi woterewu m'malo ambiri umatsekedwa koyambirira. Safunsa anadya phula. Lemberani ku ofesi ya rejisitirala ndi kwa mkulu wa dipatimenti ya ziyankhulo, muwafunse kuti mayeso oona pamene muli amalembedwa liti, ndi ziphaso ziti zimene amalandira, ndiponso ngati mukakhoza adzakukwezani kalasi, adzakumasulani, kapena adzakupatsani makirediti. Yankho lawo likhale lolembedwa, ndipo mulisunge.



NYIMBO YOTSEKERA